Kuchoka ku Dedza mpaka ku Vilankulo ndi chikwama chimodzi chakumsana

Ndinabadwira ku Dedza, komwe malire a Mozambique ali pafupi moti anthu akwathu amaoloka kukagula chimanga tsidya lija ngati akupita kumsika wa pa boma. Koma ndinafika zaka 33 ndisanaonepo nyanja yamchere. Mu Ogasiti 2023 sukulu zitatsekera, ine ndi msuweni wanga tinapangana zopita ku Vilankulo, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambique, pa magalimoto wamba, kugona motchipa, aliyense ndi chikwama chimodzi chakumsana. Ndalama zake zinali za chipereganyu cha aphunzitsi, nditadikira miyezi isanu ndi itatu kuti ulendo wanga wolandira ufike.

Tsiku lolongedza ndinayala mphasa pakhonde n'kuunjikapo zonse: nsapato mapeyala atatu, jekete langa lolemera la mu Juni, bulangete, ngakhale ayironi. Malume, amene anayenda kwambiri njira ya ku Joni ali mnyamata, anangoima chapatali akuyang'ana. Kenaka anati, "Iwe, ukusamuka kapena ukukaona malo? Longedza zonsezo, ubereke, upite pachigayo n'kubwerera." Ndinaterodi. Pobwerera mapewa anali akuyaka moto, ndipo pachigayopo si patali n'komwe. Ndinakhutula chikwama chija osayankhula kanthu.

Zotsala zinali izi: mabulauzi anayi opepuka, siketi imodzi, mathalauzi awiri, zamkati, juzi imodzi, nsapato zotseka zomwe ndinavala kumapazi, patapata wosambira, theka la sopo wochapira, chingwe cha nayiloni, tochi, loko wamng'ono, ndi zitenje ziwiri. Pa zonsezi, chomwe chinagwira ntchito kuposa chilichonse ndi chitenje. Chinali thaulo, chinali nsalu yoyala pa matiresi omwe sindinawakhulupirire, chinali katani pa zenera lopanda katani ku Tete, chinali chotchinga fumbi m'basi, ndipo pamene basi inaima patchire kuti anthu adzithandize, tinkagwirirana ndi msuweni wanga ngati mpanda. Ku Mozambique amachitcha capulana, ndipo mayi aliyense ali nacho, kotero ukachivala suoneka mlendo msanga. Ukachapa madzulo, kukacha chauma. Thaulo likanangonunkha m'chikwama.

Za mankhwala ndinapita kukafunsa kuchipatala. Adokotala anandikumbutsa chinthu chomwe ife a pa boma timaiwala: kwathu n'kokwera ndiponso kozizira, udzudzu ndi wochepa, ndiye thupi lathu silinazolowere malungo ngati la munthu wa ku Mtakataka kapena ku Salima. Kugombe la nyanja udzudzu ulipo chaka chonse. Ndinatenga neti yanga, mafuta othamangitsa udzudzu, Panado, mapaketi a Thanzi ORS, ndi kabotolo ka WaterGuard. Anandilangizanso kuti thupi likatentha ndisangomwa mankhwala mwachisawawa, ndikayezetse kaye, ndipo ndikhale tcheru ngakhale milungu ingapo nditabwerako, chifukwa malungo otengera kutali amatha kudzagwira munthu ali kale kunyumba.

Mapepala ndiye ndinawasamala ngati mwana wakhanda. Chiphaso cha pamalire chomwe anthu amaolokera kupita kumsika n'cha ulendo wapafupi. Kupita kutali chonchi pamafunika pasipoti, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe. Mmalawi safuna viza ngati akukacheza masiku osapitirira 30. Ndinachita fotokope tsamba lachithunzi kawiri, ina ndinaika pansi pa chikwama m'jumbo, ina ndinasiya kwa amayi. Ndinajambulanso tsambalo n'kutumiza pa WhatsApp kwa achimwene anga ku Lilongwe. Manambala atatu ofunika ndinawalemba papepala, chifukwa masiku ano foni ikatayika munthu sadziwa ngakhale nambala ya amayi ake omubala. Ndinalembanso kuti ku Tete kuli ofesi ya kazembe wa Malawi, kuti zikavuta ndidziwe kolowera.

Kamba tinatenga mtedza wokazinga, botolo la chiponde, mbatatesi zophika za tsiku loyamba, ndi tiyi wamasamba. Thobwa amayi anatikakamiza, koma tinamwera pa boda pomwepo. Pa kutentha kwa ku Tete likanaphulika m'chikwama.

Tsopano nkhani ya ndalama, pomwe ndinaphunzira ndi misozi. Nthawi imeneyo ndalama zakunja zinali zosowa m'mabanki, kotero zambiri tinasinthira pamalire kwa anyamata aja oyenda ndi mitolo ya ndalama m'manja. Mnyamata wina anandiwerengera ma metical, ndalama za ku Mozambique, mothamanga, n'kundipatsa. Nditayamba kuwerenga ndekha anati, "Aunt, dikirani, ndaona ngati ndalakwitsa," n'kuzitenganso, kuwerenga kachiwiri pamaso panga, n'kundibwezera zitapindidwa. Ine n'kuika m'thumba, mtima uli m'malo, poti ndinali nditaona ndi maso anga. Titafika ku Ulongwe wa ku Mozambique ndinapeza kuti mapepala awiri a 500 palibe. Chinyengo chake chili pa kuwerenga kwachiwiriko. Ndalama zikalowa m'dzanja lako zisabwererenso kwa iye. Werenga wekha pang'onopang'ono, pepala limodzilimodzi, makwacha ako ali m'thumba, ndipo upereke pomaliza. Dziwaninso kuti mapepala onse a metical ali ndi nkhope imodzi, ya Samora Machel, ndiye diso lachilendo limasokonezeka. Yang'anani nambala ndi mtundu wa pepala. Msuweni wanga anasinthira kwa bambo wina wachikulire, atakhala pansi, mosathamanga, ndipo zake zinakwana.

Zotsalazo ndinazigawa patatu monga anandiuzira malume. Zochepa zogulira madzi ndi kulipira chapa, minibasi ya kumeneko, m'kachikwama ka m'manja. Zambiri m'kathumba kansalu komwe telala anandisokera, kokhala ndi lamba womanga m'chiuno mkati mwa zovala, momwenso munkakhala pasipoti. Gawo lachitatu, la thiransipoti yobwerera, ndinalikulunga m'sokosi n'kuliika m'jumbo ya zovala zakuda. Limeneli tinalumbira kuti sitilikhudza ngakhale titaona nsomba yokoma bwanji.

Pamalire penipeni sipanavute. Kudinditsa kotuluka mbali ya Dedza, kuyenda pansi kupita ku Calomue, kudinditsa kolowa. Koma musachoke pawindo musanatsegule pasipoti n'kuona kuti chidindo chadindidwadi, deti ndi lolondola, ndiponso mwapatsidwa masiku angati. Ukapitirira masikuwo pali chindapusa cha tsiku lililonse, ndipo amene alibe chidindo cholowera amaoneka ngati anadutsa njira yachidule. Anyamata ofuna kukuthandizani kudzaza mafomu akaneni mwaulemu. Pasipoti iperekedwe kwa wayunifolomu ali kuseri kwa windo basi.

Ku Ulongwe umangoona ngati uli kwanu: Chichewa chomwechi, minda ya mbatatesi yomweyi, mphepo yomweyi. N'chifukwa chake tinagulira simu khadi kumeneko, poti tinkatha kufunsa bwinobwino m'chinenero chathu. Amafuna pasipoti polembetsa. Tinagula ya Movitel, n'kuikamo bandulo, n'kutumiza nambala yatsopanoyo kunyumba nthawi yomweyo. Tinapangana ndi achimwene kuti madzulo alionse tizitumiza uthenga wonena komwe tagona ndi komwe tikupita mawa. Tinatsitsanso mapu a njira yonse pa foni kuti azigwira ntchito popanda intaneti.

Chapa ndi minibasi yathu yomweyi, kupanikizana kwake n'kumodzimodzi. Apa m'pamene ndinawathokoza malume mumtima. Kondakitala ankaponya zikwama zazikulu padenga n'kulipiritsa padera, pamene changa chinakhala pamiyendo panga ulendo wonse, zipi atayang'ana pamimba. Msewu umatsika kuchoka m'mapiri a Angonia, mitengo ikusintha mpaka kuyamba kuona milambe, kenaka fumbi la malasha la ku Moatize, kenaka Zambezi ndi mlatho wa Samora Machel wolendewera pa zingwe. Juzi ndinali nditavula kalekale. Anthu a ku Tete ankati ino ndi nyengo yozizira, ife thukuta lili kamukamu.

Chichewa chimathandizabe ku Tete, chifukwa Chinyungwe sichitalikirana kwambiri ndi chathu, koma ukapitirira kumwera umafuna Chipwitikizi pang'ono. Ine ndinali ndi mawu ochepa: bom dia, obrigada, quanto custa. Mtengo ndinkawauza kuti alembe pa foni, ndipo tinkagwirizana tisanakwere chilichonse.

Tinagona pa kanyumba ka alendo kotchipa, komwe amati pensão. Usiku umenewo ndinatulutsa chaja, n'kupeza kuti pakhoma pali timabowo tiwiri tozungulira, pamene chaja yathu ili ndi mano atatu amakona. Foni inali pa 9 peresenti ndipo pawabanki tinali titaimaliza m'chapa. Mnyamata wa pakhomo anatibwereka yake, ndipo kutacha adaputa tinaipeza pa kagome ka pamsewu pa mtengo wochepa. Kanthu kakang'ono kotere kakanatisiya opanda mapu, opanda wotchi yotidzutsa, opanda njira yolankhulira ndi kwathu. Chitseko cha chipindacho chinali ndi loko wogwedera, ndiye tinatsamiritsapo mpando n'kuikapo kapu yachitsulo pamwamba kuti wina akakankha timve. Neti tinaimangirira ndi chingwe chija kuchoka pa msomali kukafika pa zenera. Palibe chinachitika, koma tinagona tulo tabwino chifukwa cha kapuyo.

Mabasi aakulu a kumeneko amanyamuka m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko. Chomwe tinachita bwino n'kupita masana kukagula tikiti, kuona malo okwerera dzuwa lili pamutu, n'kupangana ndi woyendetsa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, yemwe eni nyumba ankamudziwa, kuti adzatitenge pakhomo. Kuyenda pansi mumdima ndi chikwama kumsana m'tauni yosaidziwa n'kudziika pamsika.

M'njira apolisi amaimitsa basi kangapo n'kufunsa ziphaso, ndipo mlendo amayenera kukhala ndi pasipoti yake nthawi zonse. Ndinaphunzira kuitulutsa m'kathumba kam'chiuno tisanafike pa rodibuloko, kuti ndisamafunyulule zovala anthu akuona pomwe ndimasunga ndalama. Moni, kupereka ndi manja awiri, kudikira, kulandira, basi.

Tinagona ku Chimoio, komwe kunali kamphepo kotikumbutsa kwathu ndi phiri lija looneka ngati nkhope ya nkhalamba yogona chagada. Tsiku lachitatu tinadutsa pa Inchope n'kulowa msewu waukulu wa EN1, womwe malo ena unali maenje okhaokha. Pa Muxungue tinagula zinanazi pawindo, kenaka mlatho wa pa mtsinje wa Save, kenaka madzulo Vilankulo. Chakudya cha m'njira tinkasankha chotentha chomwe taona chikuchoka pamoto, buledi wawo wa pão yemwe tinkapaka chiponde chathu, ndi zipatso zosenda tokha. Madzi tinkagula a m'botolo lotsekedwa bwino, kapena kuthira WaterGuard n'kudikira theka la ola.

Ku Vilankulo tinapeza malo a anthu oyenda ndi zikwama ngati ife, chipinda chimodzi mabedi asanu ndi atatu, azungu ndi anthu akuda pamodzi, khitchini ya aliyense. Loko wanga uja anagwira ntchito pa kabati yosungira katundu. Tinkagula nsomba kwa asodzi m'mawa, ufa pamsika, n'kuphika nsima yathu, yomwe iwo amati xima. Ndinalawanso matapa, chigwada chotendera chomwe amathiramo nkaka wa kokonati; ndikuvomereza, chimaposa chathu. M'tauni munali nyumba zina zopanda madenga ndi mitengo yozuka, zipsera za namondwe Freddy, amene anatera kufupi ndi kumeneko mu February chaka chomwecho asanabwerere kudzasakaza kummwera kwa Malawi mu Marichi. Amene akufuna ulendowu apewe miyezi ya mvula.

Chomwe palibe anandichenjeza ndi khalidwe la nyanjayo. Ife tinazolowera nyanja ya Malawi, yomwe ukaisiya apa m'mawa umaipeza pomwepo madzulo. Iyi imaphwa n'kubwerera kawiri patsiku. M'mawa woyamba tinapeza madzi atathawira kutali, mabwato atagona chammbali pamchenga. Tinavula patapata, kuika pamodzi ndi chitenje pamchenga wouma, n'kuyenda kulowera mkati tikutola tizigoba. Mayi wina wokumba nkhono anayamba kutikodola mwamphamvu akuloza kumbuyo kwathu. Titacheuka, madzi anali atadzaza kale kakhwawa pakati pa ife ndi gombe. Tinaoloka akufika m'chiuno, foni nditainyamula pamutu m'jumbo, ndipo ine sindidziwa kusambira. Chitenje tinachipeza chikuyandama. Patapata wanga wakumanzere anapita ku Madagascar. Kuyambira tsikulo tinkafunsa eni malo nthawi ya madzi tisanatsike, ndipo dzuwa likalowa kugombe sitinkayendako. Bwato lopita ku zilumba za Bazaruto tinalisiya; mtengo wake ukanatifikitsa pa sokosi ija.

Pobwerera tinatsata njira yomweyo, masiku atatu, ndipo pa Calomue ndinali ndi ma metical okwana botolo limodzi la madzi. Mankhwala onse anabwerera osatsegula kupatula Panado ndi WaterGuard. Thalauzi imodzi sindinaivale n'komwe. M'malo mwa mtedza ndi chiponde, m'chikwama munali botolo la madzi a m'nyanja lomwe amayi anaitanitsa, nditalikulunga m'majumbo atatu. Atalilandira anathira pang'ono pachikhatho, kunyambita, n'kukwinya nkhope. "Ndiye nsomba zake mumathiranso mchere?" anafunsa. Malume anali atanyamula chikwama chija ndi dzanja limodzi, akuchiyeza kulemera, n'kufunsa kuti patapata winayo ali kuti.