Zikomo, amayi ogulitsa maluwa ku Goa

Pa tchuthi cha Khirisimasi tili ku Goa, ku India, amayi anga anakomoka ndi kutentha pakhomo la kachisi wa Ahindu wa Mangeshi. Inu amayi ogulitsa maluwa munasiya dengu lanu, n'kuwagoneka pamiyendo panu, mukuwakupiza ndi nsonga ya sari yanu, nsalu yaitali imene amayi a ku India amavala. Mnyamata wina anathamangira madzi a kokonati, ndalama n'kukana. Dzina lanu sindinafunse n'komwe, ndipo zimandiwawa.

Zikomo kwambiri. Patatha masiku awiri amayi anga anakwera pang'onopang'ono linga la Aguada, lomwe Apwitikizi anamanga mu 1612. Tsiku lomaliza, pagombe la zii la Agonda, anavula nsapato n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, adzukulu atawagwira uku ndi uku. Analawa madziwo, n'kufuula akuseka: "Mcheredi!"