Mmene Chilembwe analowera m'mimba mwa ng'ombe

Popeza mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, wayamba kale kuilengeza nkhaniyi paliponse pomwe wapeza anthu awiri ataima, ndipo tsiku lililonse akuithira mchere wina, bola ndiinene ndekha. Sindinalire. Sindinathawenso m'kalasi, ndinangotuluka mofulumirako chifukwa nthawi inali itatha. Zina zonse zomwe mwamvazo n'zoona, kungoti mbali yanga palibe amene akuikamba.

Inu nomwe mukudziwa za mabuku kuno ku Zomba. Buku lomwe adokotala otiphunzitsa akuti aliyense awerenge limakhala limodzi m'laibulale yonse, ndipo limodzi lomwelo wina wochenjera analibisa kale pa shelefu ya Chemistry kuti azilipeza yekha mpaka mayeso athe. Tonse timapulumukira mahandauti. Kalasi repu amasiya kope imodzi pa kashopu ka fotokope, aliyense n'kumapita ndi ndalama yake kukatenga. Kashopu komwe ndimapita ine ku Chikanda ndi kachipinda koti anthu atatu sangatembenukiremo, koma muli maphunziro onse a dziko lapansi. Milandu ya ana a Law ili pamwamba pa mapepala a Theology, pambali pake mapasitipepa a Maths omwe akopedwa kuchokera ku kope ya kope ya kope mpaka 3 ndi 8 sizikusiyananso, pansi pa tebulo ma CV a anthu ofuna ntchito ndi mapologalamu a ukwati wa Loweruka. Madala a pamenepo inki ikamatha sagula ina msanga. Amasolola katiriji, kuigwedeza, kuimenya kawiri pa ntchafu, kuibwezera, makina n'kutsokomola n'kuyambanso kulavula mapepala otuwa.

Tsiku lomwe ndinapitako magetsi anali atangoyaka kumene madzulo, ndiye mzere unali wa anthu a fakote iliyonse, aliyense akukuwa dzina la kosi yake. Madala ankangonyambita chala, kutola mapepala pa thireyi, kuwagunditsa pa tebulo, khwa ndi sitepula, wotsatira. Ine ndinalandira yanga ya History, n'kulipira, n'kudutsa pa chiwaya, n'kupita kunyumba. Mawa lake m'mawa inali pulezenteshoni ya gulu lathu, ndipo gawo langa linali lofotokoza zomwe zinayambitsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915.

Usiku umenewo ndinawerenga, anthuni. Izi ndiye mesho sakunena. Handautiyo inayamba bwinobwino. Chilembwe apita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, aphunzira ku Lynchburg ku Virginia, abwera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe ku Chiradzulu. Pafupi pomwepo pali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, woyang'anira wake William Jervis Livingstone, anthu ambiri ogwira thangata ndi Alomwe ochokera ku Mozambique. Nkhondo ya azungu ifika ku Karonga mu 1914, Chilembwe alembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Zonse ndikumva, ndikulemba mizere kunsi ndi bolopeni yofiira. Ndiye kumapeto kwenikweni kwa tsamba, mzere womaliza ukuti zifukwa zikuluzikulu tingazigawe panayi. Kenako madontho awiri aja.

Ndinatembenuza tsamba.

Rumen. Reticulum. Omasum. Abomasum.

Zinayi ndendende, chilichonse ndi kadontho kake kumanzere ndi timizere tofotokoza. Mutu wa pamwamba makina anali ataudya, nambala ya tsamba inali chimthunzi chabe. Tsopano ndiuzeni, inu anzeru nonse amene mukusekanu, tsamba likakulonjezani zinthu zinayi, lotsatira n'kukupatsani zinayi, mungakayike chiyani? Komanso kuyambira tsiku lomwe ndinafika pano ngati yaro, wophunzira wa chaka choyamba, palibe amene wayankhulapo mawu omwe ndinawamva kwathu. Anzanga a Law akamadya amangoti mens rea, habeas corpus. A Philosophy akuti a priori. Ndinangoti basi, nafenso a History tafika pa Chilatini chathu, ulemu wabwera. Mumtima ndinanyadira. Inde, kufunsa ndi kudziwa njira, koma pakati pa usiku, bandulo itatha, mesho akuliza mkonono, ndikanafunsa ndani?

Ndipo choopsa n'chakuti zinkagwirizana. Apa ndiye ndikufuna mumvetsere. Pa rumen panalembedwa kuti ndi chachikulu kuposa zonse, ndipo zinthu zimakhalitsa mmenemo n'kumasasa pang'onopang'ono zisanabwererenso pamwamba. Ndinati ameneyu ndi thangata, palibenso wina. Mkwiyo wa anthu olima minda ya eni popanda malipiro enieni, kusasa zaka ndi zaka, kenako n'kubwerera pamwamba. Ndinalemba m'mbali mwa pepala kuti "zakuya". Pa reticulum panalembedwa kuti m'menemo ndimo mumakodwa "foreign bodies". Apa ndinadzuka pa bedi. Foreign bodies! Atsamunda! Ndani winanso anali mlendo ku Magomero? Omasum akuti ili ndi timasamba tambirimbiri tosanjikizana monga masamba a buku. Maphunziro amenewo, masukulu a PIM, Baibulo, matchalitchi omwe ankawotchedwa pa minda ya Bruce. Pankanenanso zoti imayamwa madzi, ndinati chilala, paja kunagwa njala zaka zochepa izi zisanachitike. Ndiye abomasum anailemba kuti "true", liwu lotsatira litafufutika ndi mzere wakuda wa makina uja, ndipo muli asidi. Choncho chifukwa chenicheni, chowawa, chomwe chinamaliza zonse: nkhondo, asilikali ndi amtengatenga. Ndinagona ndikumva kuti mutu wanga walemera.

Liwu loti cattle ndinaliona, sindikana. Linali m'munsi penapake. Koma azungu a m'minda analibe ng'ombe kodi?

M'mawa ndinavala shati yoyera, ija ndimasungira tchalitchi. Anzanga awiri anayamba, wina mbiri ya Chilembwe, wina zomwe zinachitika usiku wa pa 23 January, kuphedwa kwa Livingstone, gulu lomwe linapita kukafuna mfuti ku Mandala ku Blantyre, mpaka imfa ya Chilembwe pa 3 February. Ankangowerenga m'mapepala, maso pansi. Ine ndinaima wopanda pepala. Ndinatenga choko. Palibe amene anandituma kutenga choko, ndinatenga ndekha, n'kulemba mawu anayi aja pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu, lililonse n'kulitsekera m'bokosi. Ndinajambulanso mivi yochoka ku bokosi lina kupita ku linzake, chifukwa handautiyo inanena kuti zinthu zimayenda motsatana.

Ndinatembenuka n'kunena m'Chingerezi changa cha pa Sabata kuti akatswiri a mbiri amagwirizana kuti kuukira kwa 1915 sitingakumvetse tikapanda kuyambira mu rumen.

M'kalasi munangoti zii. Ine ndinatenga chete ameneyo ngati ulemu. Adokotala anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya tayi, kuwavalanso, kuyang'ana bolodi, kuyang'ana ine.

"Pitirizani, achimwene," anatero.

Munthu wamkulu, wophunzira mpaka kunja, akukuuza kuti pitiriza. Ndinapitiriza. Ndinalowa mu rumen ndi mtima wonse, manja akuzungulira m'mwamba kusonyeza kusasa. Ndinafotokoza kuti anthu a ku Chiradzulu anameza zambiri osatafuna. Mawu amenewo ndinawapeka pomwepo ndipo ndinawakonda, moti ndinawabwereza. Nditafika pa reticulum ndinatsitsa mawu, n'kuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa kalasi, n'kufunsa kuti kodi ma foreign bodies amenewa anawaitana ndani m'dziko muno. Mnyamata wina wa kutsogolo anali ataweramira pa desiki, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti nkhani ya atsamunda yamukhudza, mwina agogo ake anagwirapo thangata. Ndinamuyang'ana mwachifundo. Mnzanga wa m'gulu ankandikoka shati kumbuyo, ine n'kumuchotsa dzanja, poganiza kuti ndi nsanje ya mamalikisi. Pa omasum ndinakweza buku m'mwamba n'kumatembenuza masamba ake kuti aliyense aone. Pofika pa abomasum thukuta linali litatsika mpaka m'lamba, ndipo ndinamenya bolodi ndi chikhatho, fumbi la choko n'kuti fwaa kumaso kwanga, ndikukuwa kuti apa, apa ndi pomwe panali asidi.

Ndinamaliza. Ndinawerama pang'ono. Ndinafunsa ngati pali mafunso.

Kumbuyo kwenikweni mtsikana wina wa ku Chikwawa, yemwe kwawo khola la ng'ombe ndi lalikulu kuposa nyumba, anakweza dzanja mwaulemu kwambiri. Nkhope yake inali youma, yopanda ngakhale kamwetulira.

"Pepani achimwene, ndangofuna kudziwa. A Chilembwewo ankabzikula?"

Zomwe zinatsatira sindingazitchule kuseka. Anthu ankagwa m'mipando. Wina anatuluka panja kukasekera pa kapinga n'kubweranso kudzapitiriza. A kalasi yoyandikana nayo anabwera pa zenera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Mesho akuti phokosolo linamveka mpaka ku Matawale, limenelo ndi bodza, koma pa msewu waukulu mwina linafika. Ine ndinali chiimire ndi choko m'manja, ndikumwetulira nawo, chifukwa mpaka pamenepo ndinali ndisanadziwe chomwe chikuseketsa. Ndinayankhanso funsolo. Ndinati zimenezo handauti sinafotokoze.

Adokotala anapempha handauti yanga. Anatembenuza tsamba loyamba, lachiwiri, n'kuima. Kenako anayamba kuwerenga mokweza ndi mawu omwe aja amawerengera zikalata za atsamunda, pang'onopang'ono, kuti chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi, kuti udzu umayamba wasasa mu rumen mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, n'kubwerera kukamwa kukatafunidwanso, kuti misomali ndi tiziwaya zomwe ng'ombe yameza zimakodwa mu reticulum, ndi kuti mpweya wochuluka womwe umapangika mmenemo nyamayo imautulutsa pogeya. Pa kugeyapo anaima, anayang'ana mivi yanga pa bolodi, n'kufunsa kuti mpweyawo ndinauika chaka chiti.

Tsopano pali ena akuti zimenezi ndi za Agriculture wa ku sekondale, aliyense amene analemba MSCE amazidziwa. Chabwino. Ine teremu yomwe ankaphunzitsa za m'mimba mwa ziweto ndinali kunyumba, atandibweza fizi. Za nthaka ndikuzidziwa, za kasinthasintha wa mbewu ndifunseni ngakhale pano. Kwathu timaweta nkhuku. Chifu ndimachidziwa chili m'mbale, chokulungidwa ndi matumbo, ndipo sichibwera ndi dzina la Chilatini.

Komanso, ndipo apa ndikufuna mboni zinene zoona, adokotala atandifunsa kuti tsono zifukwa zenizeni ndi ziti, ndinazitchula. Thangata, kulandidwa kwa malo, msonkho, kuwotchedwa kwa matchalitchi, nkhondo. Zonse zinali kale m'mabokosi anga aja, zinangolowa ndi mayina a eni ake ena. Iwo eni anavomereza kuti kafukufuku wa mtundu umenewu sanamuonepo chiyambire ntchito. Mesho akuti kumeneko sikunali kuyamikira. Mesho sanali m'kalasimo, amaphunzira Economics.

Masana ndinapita kwa madala a fotokope, handauti m'manja, mtima uli m'mwamba. Ndinawaonetsa tsambalo. Analiyang'ana, analitembenuza, ananyambita chala n'kuwerenga masamba onse kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

"Bwana, masamba munalipira aja si onsewa?"

Ndinati onse alipo, koma limodzi ndi la ng'ombe.

"Ndiye ine ndabapo chiyani? Enatu amalipira kuti aphunzire zimenezo."

Anandiuza kuti ndikafuna tsamba lenilenilo ndilipire lina, kungoti kope ya kalasi repu anaitenga kale. Kenako anaitana wotsatira. Ndalama yomwe ndinali nayo m'thumba inali K500, ndipo nditaitulutsa, nkhope ya Chilembwe yemweyo inali ikundiyang'ana. Ndinaibwezera m'thumba.

Panopa dzina langa linatha. Ndikadutsa ku hositelo ndimangomva "a Bomasamu, mwadzuka bwanji", ena amalira ngati ng'ombe chapansipansi. Mnyamata wa pa chiwaya, yemwe sanalowepo m'kalasi ya History, akangondiona amafunsa ngati andiikire zam'kati. Anzanga a m'kalasi akukana kundibwereka handauti zawo, akuti ndiwabwezera zili ndi ndowe.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi china. Tsamba langa silinasungunuke, linapita kwa munthu. Penapake pa kampasi pano pali mwana wa Biology yemwe handauti yake ikuti chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi, atembenuza, apeza thangata. Ameneyo ali phee, sakudziulula, wandisiya ndisenze ndekha. Ngati mukumudziwa muuzeni tisinthane mwakachetechete kuseri kwa laibulale, sindimutchula kwa aliyense. Mayeso ayandikira ndipo tsambalo sindinaliwerengebe.