Dzino lomata ndi composite likamalasa, vuto ndi liner kodi?

Wodwala akabwerera n'kunena kuti, "Adokotala, dzino munamata lija likulasa ndikamwa madzi ozizira, ingolizulani," ophunzira za mano ambiri timathamangira kuganiza kuti pansi pa composite, chomatira chofanana mtundu ndi dzino, panafunika liner, mankhwala opyapyala oyala pansi pa bowo musanamate. Zimene ndikuwerenga ndi kuona pa pulakitiko kuno ku Salima zikuloza kwina.

Dentine, gawo la dzino la pansi pa enamel (chikamba cholimba cha kunja), ili ndi timachubu todzaza madzi tolunjika ku mtsempha wa dzino. Madziwo akagwedezeka, munthu amamva kulasa, monga anafotokozera katswiri wa za mano Brännström m'ma 1960. Composite nayo ikamauma imafota ndi 2 mpaka 3 peresenti. Pa bowo la pamwamba pa dzino lotafunira, imagwira mbali zisanu, yomasuka n'kutsala imodzi, ndiye ikamafota imadzikoka n'kusiya kampata pansi. Munthu akaluma, madzi a m'kampatako amakankhika.

Kampata kameneka kamayamba ndi dzanja la womata. Asidi wa 37 peresenti, wopaka m'bowo musanamate, akhale pa enamel masekondi 15 mpaka 30, pa dentine asapitirire 15. Mukatsuka musaumitse dentine mpaka kuyera mbuu, chifukwa ulusi wa collagen wa mu dentine umagwa ndipo bonding, guluu womatiriza composite ku dzino, salowerera. Pazioneka chinyezi koma osati madzi odikha. Bonding mutikite masekondi 20, muuzire mpweya pang'onopang'ono, kenako muunike ndi nyali youmitsira. Composite iikidwe pang'onopang'ono, osapitirira mamilimita 2 nthawi imodzi, mopendekera khoma limodzi, nyali itayandikira ndithu.

Kuno kunyanja kuli zake. Kutentha kwa mu Okutobala, botolo la bonding likakhala chitsegulire, acetone kapena ethanol wa m'katimo amauluka, mankhwala n'kuyamba kulimba. Tsekani mukangodontheza. Magetsi akavutanso, nyali imagwira ntchito ndi batire lotsala pang'ono kutha. Ena mwa makinawa amawala buluu bwinobwino koma mphamvu itachepa, pamwamba n'kuuma, pansi pali phala. Pomwe palibe rubber dam, kansalu ka labala kotchinga malovu, thonje lisinthidwe lisananyowe. Malovu akakhudza pamene mwaika kale asidi, yambiraninso.

Koma wodwala akabwerera, choyamba kuona ndi kalumidwe. Munthu wobayidwa jakisoni wa dzanzi sangadziwe kuti chomatacho chatalika. Mulumitseni pepala la buluu loonetsa pomwe mano akugundana, mupale pomwe padinda kwambiri. Ambiri amapeza bwino ndi zomwezi.

Nanga liner? Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa 2016, wobwerezedwa mu 2019, sanapeze umboni wolimba woti liner imachepetsa kulasa pansi pa composite ya mano akumbuyo. Ine ndikuona kuti pa bowo losazama imangolanda malo omwe bonding akanagwira. Ntchito yake ili pa bowo lakuya, pamene dentine yotsala sikukwana theka la milimita ndipo kufiira kwa mtsempha kukuonekera. Pamenepo ikani kadontho ka liner ya calcium hydroxide pakuya pokhapo, n'kuphimba ndi glass ionomer ya resin yopyapyala, chifukwa calcium hydroxide ndi yofooka ndipo imasungunuka. Liner isafike m'mphepete mwa bowo. Liner ya zinc oxide eugenol ayi ndithu, imalepheretsa composite kuuma. Ndipo dzino likakhala lamoyo, losawawa usiku, ndi bwino kusiya dentine yofewa pang'ono pamwamba pa mtsempha, makoma atayera, kusiyana n'kukumba mpaka kuboola.

Mufunseni wodwalayo mmene kukuwawira. Kulasa kwa masekondi ochepa, kotha chozizira chikachoka, kawirikawiri kumazilala pa masabata awiri kapena anayi. Kukamapitirira theka la mphindi, kapena kuyamba kokha usiku, mtsempha watupa moti sungachire. Pafunika root canal (kuchotsa mtsempha n'kumata m'muzu) kapena kuzula, kumatanso sikuthandiza. Zizindikiro ziwirizi muuzeni asanadzuke pampando, makamaka wochokera kutali ngati ku Chipoka kapena Khombedza, kuti adziwe ululu wodikira ndi ululu wokwerera galimoto.