Lupsa la ku Chilwa

Ife amene timagwira ntchito yoteteza magwero a mitsinje kuno ku Mulanje timaiwala msanga kumene madzi athu amakathera. Maso athu amangokhala kuphiri: mkungudza, makala, moto, nazale. Ruo ndi mitsinje ina ya mbali ino imakathira mu Shire, ndipo imeneyo ili ndi eni ake ambiri oilankhulira. Koma Phalombe ndi Sombani imatsika phiri lomweli n'kulowera kumpoto, kukamwazikana m'dambo la njedza lozungulira nyanja ya Chilwa. Pa pepala, dambo limenelo lili m'dera la ntchito yathu. Koma kuti tipiteko, mpaka wina kuofesi akumbukire kuti lipoti likufunika.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Kunazale mbande za mibawa zakula kale pa bedi koma machubu sanabwerebe, ndiye amayi a m'komiti akudula mapaketi a shuga ndi mabotolo akale kuti aokeremo. Ndimawanyadira amayi amenewa. Akutunga madzi kawiri pa tsiku dzuwa la Novembala lili pamutu, popanda ngakhale sopo wowathokozera. Msonkhano wa zamakala unatha monga umathera nthawi zonse: aliyense akudziwa amene akuotcha, koma palibe wofuna kutchula mwana wa mnzake pamaso pa a mfumu. Lachitatu magetsi kunalibe tsiku lonse.

Masiku onsewa foni yanga imangolira. Anali agogo ena amene amatsogolera kagulu ka osaka mbalame kummwera kwa nyanja. Kagulu kameneka kanagwirizana kalekale kusiya chigawo china cha njedza pafupi ndi pamene mtsinje umalowera m'dambo, kuti pasamatcheredwe msampha, pasamaikidwe ulimbo, pasamayatsidwe moto. Agogowa alibe mayunitsi, amangoflasha, ine n'kuwaimbira. Uthenga unali umodzimodzi kuyambira mwezi watha: anthu ayamba kudula malire a minda m'mphepete mwa malo aja, bwerani ndi a boma tikakhale pansi ndi mafumu moto usanayatsidwe. Ndinalemba kalata yopempha mafuta. Ndinakumbutsa pamsonkhano wa m'mawa. Yankho linali lakuti galimoto yapita ndi akuluakulu ku msonkhano wina kunyanja, ndipo mafuta a njinga akudikira siginecha ya munthu amene ali m'galimoto yomweyo. Anzanga mukudziwa kuti msonkhano wa kuhotela suchedwa kupeza ndalama.

Mafuta anatuluka Lachitatu madzulo. Lachinayi m'bandakucha ndinakwera njinga yamoto, kudutsa pa Chitakale, phiri lili kudzanja lamanja mpaka ku Phalombe, kenako n'kusiya tala kulowa msewu wafumbi wopita kunyanja.

Amene simunafike ku Chilwa nyengo ino, musayembekezere kuona madzi mukangofika. Mitengo imayamba kuchepa, minda imatha, kenako umapezeka uli pachigwa chathyathyathya chopanda mthunzi, dothi lakuda long'ambika ming'alu yolowa phazi. Pamwamba pake pamakhala utoto woyera wopyapyala umene umaphwanyika ukaupondapo. Ukaunyambita ndi mchere wowawirako. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imabweretsa zimakhala momwemo, dzuwa limatenga madzi okha, mchere n'kutsala. Makolo a kumeneko ankapala dothi lotere, kulisungunula ndi madzi, kusefa ndi kuphika mpaka mchere utatsala m'mphika. Ndinaonapo dambo lamchere la kugombe la nyanja ya Indian cha ku Quelimane, ku Mozambique. Kumeneko madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo kuseri kwa mitengo ya mangrove kuli matope odzaza nkhanu ndi timasamba tonenepa tamchere. Dambo limenelo nyanja imalitsuka ndi kulidyetsa tsiku lililonse. Lathuli limadikira mvula ya kuphiri, kamodzi pa chaka, ndipo likavulala mu Novembala palibe chodzalichiritsa mawa lake.

Utsi ndinaununkhiza ndisanauone. Agogo aja ndinawapeza atakhala pa bwato logadabuzika, nsungwi yawo yokankhira bwato ili pamiyendo.

"Mwafika, mwana wanga," anatero. "Mwafika maliro ataikidwa kale."

"Pepani, agogo. Wayaka liti?"

"Lolemba usiku. Mphepo inali ya kumpoto. Tiyeni mukaone nokha, mwina mungati nkhalamba ikukokomeza."

Tinayenda nthawi yaitali m'lupsa. Njedza pamalo aja inkatalika kuposa munthu, yothithikana moti bwato linkadutsa m'tinjira topapatiza timene asodzi anatsegula. Tsopano panali zitsa zakuda zofika m'akakolo, phulusa likulowa m'nsapato likadali lofunda. M'malo ena moto unali utalowa pansi, ukudya mizu ndi zinyalala zakale zowolerana, utsi ukungotuluka m'ming'alu. Moto wotere ndi umene ndimauopa, chifukwa njedza ikapsa masamba okha imaphukanso, koma ukadya mizu pamatsala dothi lokhalokha. Tinapeza akamba am'madzi atapsera m'zigoba zawo, mitu ili mkati. Tinapeza nsato itapindika pamene moto unaipezera. Agogo sanalankhule chilichonse, ankangoloza ndi nsungwi.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali patsogolo. Pamene mtsinje umalowera m'dambo pali dziwe lakuya limene siliuma ngakhale nyanja ithawe kutali. Moto utachotsa njedza imene inkalitchinga, dziwe linakhala poyera, ndipo anthu anathiramo katupe, mankhwala ophera nsomba. Madzi anali otuwa. M'mbali monse munali matemba ayandama mimba m'mwamba, ambiri aang'ono kuposa chala cha mwana, ena ataunjikana m'matope ntchentche zili ng'waa. Makumba aakulu ndi milamba anali atatola kale. Zotsalazo zinali zazing'ono kwambiri moti palibe amene anavutika kuzitola. Ndinatola kansomba kamodzi. Kanali kakupumabe, kakutsegula kukamwa pang'onopang'ono, ndipo panalibe madzi abwino pafupi oti ndikaikemo.

Anzanga a zausodzi akudziwa chifukwa chake ndikulira dziwe limodzi. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anangokhala pamatope. Nthawi zonsezo nsomba zinabwerera chifukwa zina zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'dambo mpaka madzi atadzadzanso. Matemba, makumba ndi milamba imene imadyetsa anthu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, ngakhale imene timagula pamsika kuno ku Mulanje, mbewu yake imasungika m'maiwe ngati limeneli. Kuthiramo katupe n'chimodzimodzi kukazinga chimanga cha mbewu mvula ili pafupi.

Sindinapite kukagwira munthu, ndipo ngakhale ndikadafuna mphamvu zimenezo ndilibe. Chapafupi tinapeza mayi wina akugalauza dothi lopsalo ndi khasu, mwana ali kumsana. Atationa sanathawe. Anati munda wake wakale unakwiririka ndi mchenga ndi miyala nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo kuyambira pamenepo amangodalira maganyu. Anamva kuti kudambo akugawa malo a mpunga, nayenso anabwera.

"Bambo, mukuti ndikalime kuti?"

Funso limenelo ndi limene tikadakambirana ndi mafumu mwezi watha, pansi pa mtengo, moto usanayatsidwe. Malo a mpunga alipo m'mbali zina za dambo. Agogo aja sakana kuti anthu alime, ndipo iwo eni amadya mbalame ndi kugulitsa, sabisa. Chimene ankapempha n'chakuti chigawo chimodzi chokha chisiyidwe, ndiponso kuti munthu wa ofesi aime pambali pawo polankhula, chifukwa mawu a nkhalamba yosaka mbalame salemera pamaso pa munthu amene walipira kale kuti apatsidwe malo. Mchenga umene unakwirira munda wa mayi uja unachokera kumtunda kwathu kuno, m'malo otsetsereka amene tikulephera kuwabwezeretsa mitengo chifukwa machubu sabwera.

Ntchito imene anandipatsira mafuta inali yowerenga mbalame, ndiye ndinaigwira. Makina athu oonera patali diso limodzi linachita nkhungu kalekale, umayang'ana ndi limodzi lotsalalo. Tinakankha bwato mpaka kumene madzi atsala, kudutsa zimbowera, timisasa timene asodzi amamanga pamadzi. Kumeneko moyo ulipobe, ndipo mtima unatsikako pang'ono. Akakowa anali ataima m'madzi osaya, avuwo akuyandama chapatali, atsekwe ndi abakha am'tchire akuuluka magulumagulu, nkhwazi ikulira pamwamba. M'mphepete mwa matope munali timbalame totuwa ta miyendo yaitali tikuthamangathamanga, kujompha pansi. Timeneti ndi alendo. Timaswana ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, kukayamba kuzizira n'kuuluka ulendo wonsewo kudzadya kuno, tina m'madambo amchere a kugombe la Mozambique, tina pa Chilwa pompano, mpaka cha mu Malichi kapena Epulo. Mbalame zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti mu 1996 Chilwa ikhale malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa mgwirizano wa Ramsar. Dambo la Elephant Marsh, la ku chigwa cha Shire, linatsatira mu 2017. Koma pachigawo chopsacho, pamene fomu yathu imati ndiime ndi kuwerenga, ndinangoona akhwangwala ndi akamtema akutola zakufa. Mbalame zimene zimabisala ndi kumanga zisa mu njedza mvula ikagwa zidzapeza pabwalo. Ndinalemba zimene ndinaona, ndinajambula zithunzi ndi foni, ndipo ndinafika kunyumba usiku zovala zikununkha utsi.

Lachisanu akuluakulu anali atabwerako. Ndinapereka fomu ndi zithunzi. Bwana anayang'ana mizere yopanda kanthu ija nthawi yaitali.

"Achimwene, izi sizingapite chonchi. Lipoti la otithandiza likufunika Lolemba. Akaona ziro apa adzati pulojekiti yalephera. Tengani manambala a chaka chatha, musinthe pang'ono. Mvula ikagwa njedza idzaphuka, palibe adzadziwe."

"Bwana, mbalame zimene sindinazione sindingazilembe."

"Nanga mukufuna tonse ntchito itithere chifukwa cha dambo limodzi?"

Ndinawayankha mwaulemu kuti kalata yanga yopempha mafuta ili mufaelo ndi deti lake, ndipo ngati lipoti likufuna kufotokoza chifukwa chake malo aja apsa, ikhoza kuikidwa momwemo. Chipinda chinati zii. Thupi langa linkanjenjemera ndi mkwiyo, koma mawu sindinakweze.

Izi ndi zimene zikundisowetsa tulo. Manambala amene timalemba m'mafomu amenewa sathera kuofesi kwathu. Amapita kutali, ndipo wina amene sanapondepo matope a Chilwa adzawawerenga n'kunena kuti chigawo chija chili bwino, sichikufunika thandizo. Agogo aja akadzaflashanso chaka chamawa, adzauzidwa kuti malinga ndi lipoti kwawoko kulibe vuto. Ndagwira ntchito ino zaka zambiri ndi malipiro ochedwa, njinga yakutha matayala ndi nsapato zogula ndekha, ndipo zonsezo ndazipirira chifukwa chimene ndalemba m'buku langa la kumunda chimakhala chimene maso anga aona. Chimenecho sindichipereka.

Fomu ndinaisiya patebulo pawo momwe inaliri, nditasaina ndi kusunga kope yanga. Loweruka ndinaimbira mnzanga wa zausodzi wa mbali imeneyo, ndipo wavomera kuti tipite limodzi kwa a gulupu sabata ino, mafuta tisonkherana tokha. Tikufuna malire a chigawo chija akhomedwe zikhomo pamaso pa anthu onse, alimi a mpunga, asodzi ndi osaka mbalame, chizimalupsa chisanagwe, chifukwa mvula ikangoyamba mpunga udzafesedwa paliponse ndipo sipadzakhalanso wokamba naye. Mayi uja nayenso tamuitanitsa, ndipo nkhani ya malo ake olima ndi imene tidzayambire.