Timadyera pa njira ya miyala ya ku Otago

Ine ndi mayi a kunyumba timabwereketsa njinga kwa alendo odzapalasa pa Otago Central Rail Trail, ku New Zealand. Njirayi inali njanji ya sitima mpaka 1990. Zitsulo atazizula, anaikonza n'kuitsegulira anthu a njinga, apansi ndi apakavalo mu 2000. Kuchokera ku Clyde kukafika ku Middlemarch pali makilomita 152, ndipo pansi pake ndi miyala ndi fumbi.

Tinayamba ndi njinga zochepa zogula kwa anzathu, galimoto imodzi ndi kangolo. M'mawa timanyamula zikwama za makasitomala kukazisiya kumene akagone, iwo n'kumapalasa opepukidwa.

Ndalama zathu zambiri zimathera pa matayala. Tayala lowonda pamiyala yotakasuka limaterereka, chubu chimaphulika, munthu amafika manja atachita dzanzi. N'chifukwa chake timaika matayala onenepa, mpweya osaupopa kwambiri, ndi chishalo chofewa. Aliyense amanyamuka ndi pampu, chubu chapadera ndi tochi. Tochiyo sitinyengerera, chifukwa ku Poolburn Gorge njira imalowa m'mapanga awiri amene sitima inkadutsamo, ndipo mulibe magetsi. Ndimawauza kuti atsike, aziikankha njingayo. Madzulo ntchito yanga ndi kutsuka matcheni, poti fumbi la kuno likasakanikirana ndi oyilo limadya tcheni msanga.

Ambiri amaopa zitunda. Sitima sinkakwera phiri mwachindunji, choncho pa mamita 50 alionse njira siikwera kuposa mita imodzi, ngakhale polowera pamalo okwera koposa, mamita 618, pafupi ndi Wedderburn. Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo. Ikakuombani kumaso, pathyathyathya pomwe pamakhala ngati paphiri.

Makasitomala ena amafunsa kuti bwanji osathira phula. Ine sindikufuna, ndipo ndimawauza mosabisa. Miyala imachititsa kuti munthu apalase mofatsa, ulendo utenge masiku atatu kapena anayi. Amagona ku Omakau, amagula zakudya ku Oturehua, amamwa tiyi ku Ranfurly, matauni aang'ono amene anazilala sitima itasiya kudutsa. Pakanakhala phula, ambiri bwenzi akungodutsa osatsika n'komwe.

June ndi July kuno n'chisanu choopsa, alendo amachepa. Miyezi imeneyo timaphwasula njinga zonse, kusintha masipoko ndi mabuleki, ndipo ndalama ya March ndi April ndi imene imatidyetsa.