Kusewera ndi amene akukuposani pa magemu omenyana: mmene mungatulukiremo ndi phindu

Munthu amene mumamugonjetsa tsiku ndi tsiku pa Street Fighter 6 kapena Tekken 8 amakubisirani zofooka zanu. Mukamudumphira satha kukugwetsani muli m'mwamba, ndiye kudumpha kumakulowererani. Mukatulutsa theche lomwe limakusiyani poyera likatchingidwa, iye sabwezera, ndiye mumaliyesa labwino. Pakapita miyezi manja anu amakhala atadzaza zizolowezi zimene zimagwira ntchito pa anthu osadziwa okha. Wosewera wamphamvu amazitulukira zonsezi m'maraundi awiri oyamba, ndipo amakulangani pa chilichonse mpaka mutasiya. Phindu lagona pamenepo. Komabe kungokunthidwa pakokha sikuphunzitsa munthu. Alipo ambiri amene amagonja kwa akatswiri kosawerengeka koma osasuntha pomwe ali, chifukwa amachoka pa gemu opanda funso loti akalifufuze.

Yambani ndi kusankha mdani woyenera. Amene akukumalizani musanaone chimene chachitika wakutalikirani kwambiri: zolakwa zanu zimachuluka nthawi imodzi mpaka simudziwa choyambira. Woyenera ndi amene mungamulande magemu awiri kapena atatu mwa 10, amene mukagonja mumatha kuloza pomwe zinthu zinasokonekera. Ranked, masewera a pa intaneti olimbirana mapointi, siikupatsani munthu wotere kawirikawiri. Imakufunirani wofanana nanu mphamvu, ndipo seti, kutanthauza magemu otsatizana ndi munthu mmodzi, imatha wina akangopambana kawiri, inu musanayambe n'komwe kumumvetsa mnzanuyo. Pitani ku Battle Hub, bwalo la pa intaneti lokumanirana osewera, kapena m'zipinda zimene osewera amatsegula okha pa Street Fighter 6, kapena ku player match (magemu opanda mapointi) pa Tekken 8, mupemphe seti yaitali. Osewera amati FT5 kapena FT10, woyamba kupambana magemu 5 kapena 10.

Seti yaitali ili ndi ubwino womwe magemu 20 osewera ndi anthu 20 osiyana alibe. M'magemu oyamba mnzanuyo amangoyang'ana zimene mumakonda. Pakati pa seti amayamba kuzitchera msampha. Inu mukasintha, iyenso amasintha, ndipo kusinthana kumeneko ndiye mtima wa magemu awa. Munthu wongosewera maseti aafupi amaphunzira kudzidzimutsa anthu, koma sadziwa chochita njira yake ikadziwika.

Musanayambe seti, sankhani chinthu chimodzi choti muchiyang'anire, chimodzi basi. Mwachitsanzo, kugwetsa wodumpha, kumene osewera amati anti-air. Kudumpha pa Street Fighter 6 kumatenga ma frame (zithunzi zimene gemu imaonetsa motsatizana) pafupifupi 45, ndipo magemu awa amayenda pa ma frame 60 pa sekondi, kotero nthawi yoti muone n'kuyankha ilipo. Mukamasewera ndi Ryu, mmodzi mwa omenyana a mu gemuyi, nkhonya yamphamvu mutanyonyomala imakwanira, ngakhale musanazolowere Shoryuken, nkhonya yake yokwera m'mwamba. Chimene chimalepheretsa anthu si manja ochedwa. Maso amakhala pa character wawo, womenya amene akumuyendetsa, m'malo mokhala pa mdani, kapena amakhala atadina kale batani lina lochedwa pamene mdani akunyamuka. Wosewera wamphamvu amadziwa zimenezi. Amakutanganitsani pansi ndi mateche ndi ma fireball (mipira ya moto yoponyera patali), mutu wanu ukadzaza ndiye amadumpha. Ndiye pa seti imeneyo musawerenge magemu amene mwapambana. Werengani kuti wadumpha kangati ndipo mwamugwetsa kangati. Mutha kugonja 10 kwa 1 koma seti itakupindulirani, ngati mwagwetsa theka la kudumpha kwake pomwe sabata yatha simunkagwetsa n'kamodzi komwe.

Seti ikatha, onerani replay, kanema wa magemu amene mwasewera, tsiku lomwelo mukadakumbukira zimene mumaganiza. Yatsani choonetsa mabatani a osewera onse awiri. Moyo wanu ukangotsika imitsani, mubwerere m'mbuyo pang'ono. Combo (nkhonya zotsatizana zosatchingika yoyamba ikalowa) imene yakudyerani moyo musaitayire nthawi, chifukwa ikayamba palibenso chochita. Chofunika ndi kamphindi kaja isanayambe: munadina chiyani, munali patali bwanji, n'chifukwa chiyani nkhonya yake inalowa? Lembani papepala mwachidule, monga "ndinadumpha", "ndinadina nditangodzuka", "ndinaphonya theche ali patali", "sindinabwezere". Mukamaliza magemu atatu kapena anayi mudzaona kuti mzere umodzi ukubwerabwera kuposa ina yonse. Umenewo ndiwo ntchito yanu ya sabata ino. Tekken 8 imathandizanso apa, chifukwa imakulolani kulowa mu replay n'kugwira character wanu kwa masekondi 10 pamalo pomwe munalakwitsa, muyese yankho lina kangapo konse.

Mafunso ambiri otuluka mu replay amayankhidwa ndi frame data, ndipo apa m'pofunika kudekha. Nkhonya iliyonse ili ndi nthawi yomwe imatenga kuti ifike, komanso nambala yosonyeza amene amayamba kumasuka ikatchingidwa. Ngati nambalayo ndi +2, womenya amamasuka ma frame 2 wotchinga asanamasuke. Ngati ndi -4, wotchinga ndiye amatsogola ndi ma frame 4. Pa Street Fighter 6 nkhonya zofulumira kwambiri za ma character ambiri zimafika pa ma frame 4, choncho chilichonse cha -4 kapena kuipirapo chingalangidwe, bola nkhonya yanu ifikire. Mawu oti "bola ifikire" ndi ofunika kwambiri, chifukwa osewera amphamvu amatulutsa zinthu zoterezi ali kumapeto kwenikweni kwa utali wake, ndipo kankhonya kanu kakafupi kamangomenya mphepo, iwo n'kukulangani chifukwa chophonya. Pa Tekken jab, kankhonya kofulumira, imafika pa ma frame 10. Chinthu cha -10 chimalangidwa ndi jab, hopkick (theche lodumpha) ya ma character ambiri imakhala -13 ikatchingidwa, ndipo cha -15 ambiri amachilanga ndi launcher, nkhonya yonyamula mdani m'mwamba, yomwe imatsegula combo yathunthu. Kutchinga chinthu cha -15 n'kubweza jab yokha n'kutaya moyo wambiri wa mdani womwe unali kale m'manja mwanu.

Musaloweze manambala a gemu yonse. Fufuzani nkhonya zitatu zimene munthu uja anakuvutitsani nazo, mudziwe nambala ya iliyonse ndi yankho lake. Nthawi zambiri mudzapeza chimodzi mwa ziwiri: mwina mumaopa chinthu chomwe mukanatha kuchilanga, kapena mumadina batani pomwe mnzanuyo ali pa plus (nambala ya +), iye atasiya dala kampata kakang'ono koti mulowemo. Msampha wachiwiriwu ndi umene amati frame trap, ndipo mankhwala ake ndi kupitiriza kutchinga mpaka nthawi yanu itafika. Pa Tekken onaninso ngati mndandanda wa nkhonya zake uli ndi ya m'mwamba pakati kapena kumapeto. Ngati ilipo, weramani ikudutseni pamutu, mudzuke ndi chilango.

Yankho likapezeka, lipititseni ku training mode, malo oyeserera ndi chidole choyendetsedwa ndi gemu. Jambulani chidole chikuchita zomwezo zimene mdani uja amachita, koma musajambule chinthu chimodzi chokha. Chidole chikamabwereza chinthu chimodzi, mumangotsatira kayimbidwe kake, ndipo pa gemu yeniyeni luso limenelo silituluka. Dzazani malo atatu kapena anayi ojambuliramo: poyamba chikudumphireni, pachiwiri chitulutse Drive Impact (nkhonya yaikulu yapadera ya pa Street Fighter 6), pachitatu chiyende kutsogolo n'kukugwirani, pachinayi chingoyenda uku ndi uku osachita kanthu. Kenako muuze gemu kuti izisankha yokha mosatsata ndondomeko. Kachinayi kaja musakasiye, chifukwa ndi kamene kamakuphunzitsani kusadina pomwe palibe chifukwa. Drive Impact imafika pa ma frame 26 ndipo imapirira nkhonya ziwiri, ndiye yankho lodalirika ndi Drive Impact yanu pambuyo pa yake. Chidole chili chokha izi n'zosavuta. Zimavuta mukamadikiranso kudumpha nthawi yomweyo, ndipo n'chimene mukufuna kuzolowera. Chitani mpaka muyankhe molondola maulendo 10 otsatizana, kenako musinthe mbali, popeza manja ambiri amachita bwino mbali imodzi ya sikirini kuposa inayo. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a tsiku limodzi.

Pali zinthu zina zimene simungazione n'kuyankha, ngakhale mutayeserera chaka chonse, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti musadzizunze pachabe. Munthu amafuna ma frame pafupifupi 15 kuti ayankhe chinthu chimodzi chomwe akuchidikirira kale, ndipo zoti asankhe zikachuluka nthawiyo imakwera. Throw (kugwira mdani n'kumuponya pansi) ya Street Fighter 6 imafika pa ma frame 5. Mukagwetsedwa pakona, mnzanu ataima pamutu panu, simukuyankha zimene mwaona, mukungolosera. Apa m'pamene wosewera wamphamvu amakuwerengani mosavuta, chifukwa pafupifupi aliyense ali ndi chomwe amathawirako akapanikizika. Wina amadina jab, wina amadumpha, wina amayesa kumasula throw nthawi zonse. Onani mu replay zimene munachita maulendo onse amene munadzuka. Ngati n'chimodzimodzi, mwamupatsa yankho musanayambe.

Taonani kulemera kwa zosankhazo. Ma character ambiri ali ndi moyo wa 10,000, ndipo throw wamba imachotsa 1,200. Koma mukayesa kuimasula pomwe mnzanu wabwerera m'mbuyo pang'ono kuti muphonye, kumene amati shimmy, combo yotsatirayo ingatenge kotala la moyo kapena kuposa. Ndiye kulandira throw kawiri kapena katatu mukutchinga si ulesi ayi, nthawi zambiri ndi mtengo wotsika. Ine ndimaona kuti ichi n'chimene osewera apakati amachedwa kwambiri kuchivomereza, chifukwa kugwidwa kumawawa mumtima kuposa mmene kumachotsera moyo pa sikirini. Yang'aniraninso Drive Gauge yanu, mzere wa mphamvu yochitira zinthu monga Drive Impact. Ili ndi zigawo 6, ndipo zikatha mumalowa burnout: mukatchinga mumachedwa kumasuka ndi ma frame 4 owonjezera, ndipo Drive Impact ya mdani mukaitchinga muli pakona imakuchititsani chizungulire. Maraundi ambiri amene amaoneka ngati atayikira pakona anatayika kale pomwe munawononga zigawo zitatu pa Drive Rush (kuthamangira mdani mwaliwiro) yosafunikira.

Mufunseni mnzanuyo seti ikatha, koma funsolo likhale lolunjika. "Ndingatani kuti ndikhale katswiri?" silibweretsa yankho lothandiza. Nenani kuti, "Pepani, kodi mwaona chiyani chimene ndimabwereza ndikadzuka?" kapena "Theche lija mumandilanga nalo, ndimalitulutsa ndili pafupi kwambiri kodi?" Osewera amphamvu ambiri amayankha mosangalala akaona kuti munthu akufunadi kudziwa. Amene amawathawa ndi wodandaula kuti character wawo ndi wamphamvu mopitirira, kapena wotuluka gemu isanathe. Kumbukiraninso kuti iye akukupatsani nthawi imene akanasewera ndi anzake ofanana naye, ndiye muthokozeni, ndipo konzani intaneti yanu. Lumikizani makina ndi waya m'malo mwa WiFi. Magemu atsopanowa amagwiritsa ntchito rollback, yomwe imabisa kuchedwa pang'ono, koma intaneti yodukaduka imachititsa ma character kudumphadumpha pa sikirini, ndipo pamenepo palibe amene angaphunzire kuyankha pa nthawi yake.

Ngakhale amene ali pamwamba penipeni amachita zomwezi. Mu 2019 Arslan Ash wa ku Pakistan anapambana Tekken 7 pa mipikisano ikuluikulu ya Evo Japan ndi Evo ya ku Las Vegas, komwe anagonjetsa Knee wa ku South Korea, yemwe ambiri ankamuona ngati wosewera wamkulu wa gemuyo. Knee sanakhale pansi n'kumadandaula. Anapita ku Pakistan kukasewera maseti aatali ndi osewera akumeneko, omwe kaseweredwe kawo kanali kachilendo kwa anthu akunja, ndipo mu 2022 anapambana Evo.

Musasewere ndi amphamvu okhaokha. Iwo amakuonetsani dzenje, koma sakupatsani mpata wokwanira woyesera chinthu chatsopano, popeza nthawi yambiri mumakhala mukutchinga. Chimene mwachikonza mu training mode kachiyeseni pa ofanana nanu mu ranked mpaka chizituluka chokha. Masiku oyamba mapointi adzatsika, chifukwa maganizo anu ali pa chinthu chimodzi ndipo zina zikudutsa. Zisiyeni zitero. Musasinthenso character chifukwa cha seti imodzi yoipa, chifukwa zofooka zimene mnzanu uja anazipeza zili mwa inu ndipo mudzapita nazo kwa character watsopanoyo. Ndipo mukaona kuti mwayamba kudina mwaukali, kudumpha kosaganiza, kufuna kungobwezera, imani kaye. Magemu osewera mutapsa mtima amabwezeretsa zizolowezi zomwe mukuyesa kuzichotsa.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mupempheninso munthu yemweyo FT10 ina. Ngati anti-air yanu yakhazikika, mudzaona kuti akagwetsedwa kawiri kapena katatu asiya kudumpha. Adzayamba kuyenda pansi molimba mtima podziwa kuti maso anu ali m'mwamba, kapena kudumpha ali patali kuti Shoryuken yanu iphonye akulangeni potera. Zilembeni zimenezo papepala lija, mutsegule replay, mupeze mtunda umene amadumphira, kenako mujambule chidole chikudumpha pa mtunda womwewo pamodzi ndi kudumpha kwenikweni kuja, kuti muphunzire kusiyanitsa ziwirizi.