Silvia S14: kuyika body kit ya fayiba, gawo la kudula ndi kumangirira

Body kit ndi zigawo zakunja zosinthira thupi la galimoto. Kit yomwe ikuyikidwa pa Nissan Silvia S14 iyi, galimoto ya drift (masewera otereretsa galimoto pokhota), ndi ya fayiba (fibreglass, kapena kuti FRP): bampala wakutsogolo ndi wakumbuyo, ma side skirt awiri (a m'munsi mwa zitseko), madigadi akutsogolo otakata ndi 30mm, ndi ma overfender (madigadi ovundikira pamwamba pa akale) akumbuyo a 50mm. Palibe chapentedwa, ndipo sichipentedwa mpaka zonse zitakhala m'malo mwake. Fayiba imapindika ikamauma mu chikombole komanso ili pa ulendo, ndiye ngakhale kit yokwera mtengo imafuna kusemedwa.

Zipangizozi zinayamba zayanikidwa padzuwa masiku angapo, zitagonekedwa pamalo osalala. Resin, guluu womata ulusi wa fayiba, ikapanda kuuma bwinobwino imapitiriza kufota pansi pa penti, ndipo pakapita miyezi ulusi wa fayiba umayamba kuonekera pamwamba.

Kumbuyo ndiye kuli ntchito, chifukwa chitsulo cha madigadi akale chiyenera kudulidwa kuti tayala lipeze mpata. Musanagwire galainda, mangani marimu ndi matayala omwe galimoto idzathamangire, muchotse sipuling'i pa coilover (shokapu yokhala ndi sipuling'i yake), kenako mukweze tayala ndi jeke mpaka pomwe shokapu yathera. Pamene tayala lagunda chitsulo mulembepo ndi cholembera, muonjezere mpata wa chala chimodzi. Ambiri amayeza galimoto itangoima, koma pa drift thupi limatsamira mbali imodzi, tayala n'kulowa m'kati mwa madigadi, chitsulo n'kulicheka m'mbali.

Chitsulo cha madigadi akumbuyo n'chophatikiza pawiri, chakunja ndi chamkati. Chakunja chadulidwa motsatira mzere uja. Chamkati chasiyidwa chotalikirako ndi 20mm, chachekedwa timizere motalikirana 30mm, timalilime take n'kupindidwira m'mwamba kuti tikumane ndi chakunja. Powotcherera musakoke mzere umodzi wautali chifukwa chitsulocho n'chopyapyala, chimavungika ndi kutentha. Dontho pano, dontho uko, kudikira chizizire. Makapeti a m'buti ndi mawaya atuluke kaye, ndipo mbali yomwe kuli payipi yothirira mafuta iphimbidwe ndi nsalu yonyowa, chozimitsira moto chili pafupi. Mukatha, pakani epoxy primer kenako seam sealer, yomata mipata, mbali zonse ziwiri. Mukasiya zitsulo ziwirizi zili yasa, madzi ndi utsi wa matayala zimalowa m'buti, dzimbiri n'kuyamba kudya pomwe simungaone.

Ma overfender agwiridwa kaye ndi tepi, kuyambira pa mzere wa chitseko ndi pa nyali yakumbuyo, chifukwa apo ndi pomwe diso limathamangira. Maenje abooledwa kuyambira pakati kupita kumapeto. Mukayamba ndi kumapeto, pakati pamatukumuka. Apa agwiritsidwa ntchito ma rivnut (manati okhomerera m'bowo la chitsulo) a M5 m'malo mwa ma rivet, kuti overfender ikasweka izichoka ndi sipanala basi. Bowo la pa fayiba likhale lokulirapo pang'ono kuposa bawuti, pansi pa mutu pakhale washa wa labala. Mukamanga mothinitsa, gelcoat, khungu losalala lapamwamba pa fayiba, imang'aluka ngati ukonde wa kangaude kuzungulira bowo.

Skirt yakumanzere inabwera yotalika ndi 8mm. Heat gun, chida chopemerera mpweya wotentha, sithandiza kwenikweni pa fayiba, si pulasitiki ya urethane ayi. Yadulidwa pakati, m'mphepete mwake mwapalidwa ndi sandipepa wa 80, n'kulumikizidwanso kuseri kwake ndi nsalu ya ulusi wa fayiba (chopped strand mat) ya 450g pa sikweya mita, yosanjikiza katatu. Hardener, mankhwala oumitsa resin, ikhale pakati pa 1 ndi 2 peresenti ya resin. Kunja kukatentha tsamirani ku 1, apo ayi imalimba ili m'kapu musanamalize kupaka. Bodi fila ndi yosalazira pamwamba chabe, siigwira chilichonse.

Kutsogolo vuto labwera chifukwa cha angle kit, zipangizo zothandiza matayala akutsogolo kukhota kwambiri. Chiwongolero chikakhotetsedwa mpaka kumapeto, tayala limakhudza ngodya ya bampala komanso kuseri kwa madigadi, pomwe skirt imayambira. Mbali zonsezi zasemedwa, ndipo mawaya odutsa pamwamba pa tayala asunthidwira m'kati mwa chipinda cha injini. Pakamwa pa bampala padulidwanso kuti intercooler, choziziritsira mpweya wopita ku injini, ikhale ndi mpata wa 10mm mozungulira. Ikamakhudzana ndi fayiba, injini ikamanjenjemera, timapepe ta intercooler timaphwanyika.

Mabampala sanamangidwe ndi mabawuti. Pamwamba pali ma quick release (zomangira zomasuka msanga) awiri, m'mbali muli ma zip tie (tizingwe tapulasitiki). Galimoto ya drift imagunda, ndipo ndi bwino bampala athothoke wathunthu kusiyana n'kuti akoke madigadi n'kusweka zonse pamodzi. Ena amati ma zip tie amanyansitsa galimoto, koma akuda pa penti yakuda saoneka.

Chatsala n'kuchotsanso zonse, kupala gelcoat ndi sandipepa wa 180, kutseka timabowo ting'onoting'ono tomwe tiwonekere, kupopera 2K primer, n'kusalaza ndi 320. Bampala wakumbuyo akufunikabe kudulidwa ndi kuyikidwa chitsulo chotchinga kutentha pamwamba pa ekizozi.